Kukaona zojambula za m'minda ya tirigu ku Avebury: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse, tirigu ndi balere akayamba kuchita ngala m'chigawo cha Wiltshire kummwera kwa England, alimi ena amadzuka m'mawa n'kupeza kuti mbewu zawo zagonekedwa pansi usiku, ndipo pakati pa munda paoneka chithunzi chachikulu cha mabwalo ozungulira, mizere ndi makona. Eni dziko amatcha zimenezi crop circles. Zimapezeka kwambiri kufupi ndi mudzi wa Avebury, dera limene ladzaza ndi miyala yoimikidwa, zitunda ndi manda a anthu amene anakhalako zaka zoposa 4,000 zapitazo. Mayankho ali m'munsiwa alembedwera munthu amene akufuna kukafika yekha kumaloko, kuti apite akudziwa chimene akukaona, mwini wake wa munda umene akufuna kupondamo, ndiponso mbiri ya nthaka imene zonsezi zikuchitikirapo.

Kodi zojambula za m'mindazi n'chiyani kwenikweni?

Ndi zithunzi zopangidwa pogoneka mbewu zimene zidakali kumunda. Mapesi sadulidwa ndipo sazulidwa, koma amapindidwira pansi onse mbali imodzi, mwakuti malo ogonekedwawo amasiyana maonekedwe ndi mbewu zoimirira zimene zawazungulira. Zoyambirira za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinali mabwalo wamba, limodzi kapena angapo. Zinthu zinasintha mu Julayi 1990, pamene m'munda wotchedwa East Field ku Alton Barnes munaoneka chithunzi chachitali cha mabwalo olumikizidwa ndi mizere, chimene chinatuluka m'nyuzipepala za mayiko ambiri n'kukopa chikhamu cha anthu. Kuchokera apo luso linapita patsogolo mofulumira. Mu Julayi 1996, kutsidya kwa msewu wa A303 moyang'anizana ndi bwalo lotchuka la miyala yakale la Stonehenge, kunaoneka chithunzi cha mabwalo 151 opindika ngati mchira, chimene anachitcha Julia Set potengera mtundu wina wa masamu. Mu Ogasiti 2001 pamwamba pa phiri la Milk Hill panaoneka china cha mabwalo 409 oyalidwa m'nthambi 6 zokhotakhota, chotambalala mamita oposa 200. Mu Juni 2008, pafupi ndi linga lakale la Barbury Castle, m'munda wa balere munajambulidwa chithunzi chimene chinkasonyeza manambala 10 oyambirira a pi, nambala ya masamu yogwiritsidwa ntchito poyeza mabwalo, omwe ndi 3.141592654.

Ndani amazipanga?

Amazipanga ndi anthu. Yankho limeneli limakhumudwitsa ena, koma umboni wonse wodalirika umene ulipo ukuloza kumeneko, ndipo ndi bwino kuti mlendo anyamuke akudziwa zoona m'malo moti akaziphunzire atawononga kale ndalama zake.

Mu Sepitembala 1991 amuna awiri a ku Southampton, a Doug Bower ndi a Dave Chorley, anaulula kudzera m'nyuzipepala ya Today kuti akhala akupanga mabwalowa kuyambira m'zaka za m'ma 1970, makamaka m'minda ya ku Hampshire monga ya ku Cheesefoot Head pafupi ndi Winchester. A Bower anali atakhalako ku Australia, ndipo ananena kuti maganizowo anawatenga pa nkhani ya mu 1966 ya ku Tully m'chigawo cha Queensland, kumene mabango a m'dambo anapezeka atagona mozungulira, anthu n'kumati panatera chombo cha zolengedwa zakuthambo. Zida zawo zinali thabwa, chingwe, ndi kawaya komangirira pachipewa kowathandiza kulunjika poyenda mumdima. Pofuna kutsimikiza zonena zawo, anapanga chithunzi atolankhani akuona, ndipo a Pat Delgado, amene ankadziwika ngati katswiri wa nkhaniyi, atachiyendera ananena kuti sichikanatheka kupangidwa ndi munthu.

Awiriwa sanapange zonse, ndipo sananene kuti anapanga zonse. Pamene ankaulula n'kuti magulu ena atayamba kale, ndipo pambuyo pake panabwera akatswiri a zaluso monga a John Lundberg ndi a Rod Dickinson, amene gulu lawo linafika polembedwa ganyu ndi makampani kuti lijambule zotsatsa malonda m'minda yolipiridwa. Ambiri mwa opanga zithunzi za usiku sadzitchula mayina, chifukwa chimodzi n'chakuti akuphwanya lamulo, china n'chakuti amaona kuti chithunzi chimakhala ndi mphamvu pa oonera pamene mwini wake sakudziwika.

Zingatheke bwanji kuti anthu amalize chithunzi chachikulu chotero usiku umodzi?

Funsoli ndi lomveka, chifukwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku wa ku England ndi waufupi: dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko madzulo ndipo chakumapeto kwa Juni limatuluka 5 koloko isanakwane. Chinsinsi chagona pa kukonzekera. Chithunzi chimajambulidwa kaye papepala kapena pakompyuta, miyezo yonse n'kuwerengedweratu. Kumunda, mmodzi amaima pakati atagwira nsonga ya tepi yoyezera, mnzake amagwira nsonga inayo n'kuyenda mozungulira akuponda kanjira kopyapyala kosonyeza malire a bwalo. Malire akatha, ena amatsatira ndi thabwa lomangidwa chingwe mbali zonse ziwiri: amagwira chingwecho m'manja, amaika phazi limodzi pathabwa, n'kumalikankhira kutsogolo sitepe iliyonse, ndipo mbewu zimagona mzere wotambalala pafupifupi mita imodzi nthawi imodzi. Gulu la anthu ochepa odziwa ntchito yawo limagoneka dera lalikulu m'maola ochepa.

Sasiya mapazi oonekera chifukwa minda ya kumeneko ili ndi tinjira tiwiritiwiri topanda mbewu timene matayala a thirakitala amadutsamo popopera mankhwala ndi pothira feteleza. Tinjira timeneti timayenda mowongoka kuchokera kumapeto kwa munda kukafika kumapeto ena, motero timakhala khomo lolowera komanso mizere yoyezerapo. Mu Julayi 1992 ku West Wycombe kunachitika mpikisano wopanga zithunzizi usiku, mphoto yake mapaundi 3,000, ndipo anapambana ndi mainjiniya a kampani yopanga ndege za helikopita ya Westland. Mpikisanowo unasonyeza poyera kuti ntchito yaukhondo ndi yotheka mumdima ndi zida wamba.

Nanga zimene ena amanena, zoti ndi mphepo, mphamvu za m'nthaka kapena zolengedwa zakuthambo?

M'zaka za m'ma 1980 katswiri wa zanyengo, a Terence Meaden, anaphunzitsa kuti mabwalowa amapangidwa ndi kamvulumvulu wa mtundu wapadera wotsika kuchokera m'mapiri. Maganizowo anamveka pamene zithunzi zinali mabwalo okhaokha, koma anafooka mizere yowongoka ndi makona zitayamba kuoneka, pakuti palibe mphepo imene imalemba makona anayi ofanana.

Ena amaloza mfundo za mapesi, zimene m'chithunzi zimapezeka zitapindika kapena zitatalika, n'kumati zinatenthedwa ndi mphamvu yosadziwika. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu yaiwisi ikagwa imayesetsa kudzukanso, ndipo imatero popindika pa mfundo zake, mbali yapansi ya mfundo ikukula kuposa yapamwamba. Zimenezi zimayamba patangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimachitikanso mbewu zikagwetsedwa ndi mvula yamkuntho. Palinso kapepala kosindikizidwa mu 1678 konena za munda wa mbewu ya oats ku Hertfordshire umene ankati unamwetedwa ndi mdyerekezi usiku, ndipo kamatchulidwa kawirikawiri ngati umboni woti zinthuzi n'zakale. Komatu m'nkhaniyo mbewu zinamwetedwa, sizinagonekedwe.

Mukafika kumunda mudzakumana ndi anthu okhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Ena amakhala pansi pakati pa bwalo n'kumasinkhasinkha mwakachetechete, ena amayenda ndi timawaya tofufuzira mphamvu za pansi. Ambiri ndi anthu aulemu ndi ochezeka, ndipo palibe chifukwa chowanyoza kapena kuyambana nawo. Kulemekeza munthu sikukukakamizani kuvomereza zimene zilibe umboni.

N'chifukwa chiyani zimachuluka kufupi ndi Avebury?

Kafukufuku wa a Jeremy Northcote wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapeza kuti pafupifupi theka la zithunzi zonse za ku Britain za chaka chimodzi zinali mkati mwa makilomita 15 kuchokera ku Avebury, ndipo zambiri zinali pafupi ndi misewu ndi malo akale odziwika. Zifukwa zake n'zosavuta kuziona mukaima pamalopo. Minda ndi ikuluikulu ndipo ilibe mitengo, nyumba ndi zotalikirana, ndipo zitunda za choko zimene zazungulira chigwa cha Pewsey zimapatsa oonera malo okwera oti aonerepo chithunzi chonse. Koposa zonse, derali linali kale ndi alendo ofunafuna zachinsinsi, ndipo wojambula amafuna anthu oti aone ntchito yake. Chithunzi chojambulidwa pafupi ndi chitunda chakale cha Silbury Hill chimabwereka ulemu wa chitundacho, ndipo n'chifukwa chake chimagwira mtima kuposa chikanakhala m'munda wa pafupi ndi fakitale.

Ndi zinthu ziti zakale zimene ndiyenera kuona m'derali?

Apa m'pamene pali phindu lenileni la ulendowu, ndipo ndi bwino kupatula nthawi yokwanira. Avebury pamodzi ndi Stonehenge analembedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 1986 pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse.

Choyamba ndi bwalo lenileni la Avebury, limene linamangidwa pang'onopang'ono pakati pa zaka za 2850 ndi 2200 Yesu asanabadwe. Ndi ngalande yaikulu yozungulira yokhala ndi mtumbira kunja kwake, ndipo m'kati mwake muli bwalo la miyala lalikulu kuposa onse padziko, lotambalala mamita pafupifupi 330, limene poyamba linali ndi miyala pafupifupi 100. Ngalandeyo inakumbidwa m'choko cholimba ndi nyanga za agwape, ndipo malo ena inali yakuya mamita 9. Miyalayo ndi ya mtundu wotchedwa sarsen, yotengedwa m'zitunda zapafupi, yosasemedwa, ina yolemera matani oposa 40. Mbali ya mudzi ili m'kati mwenimweni mwa bwalolo, msewu umadutsa pakati pake, nkhosa zimadya udzu m'munsi mwa miyala, ndipo mlendo amaloledwa kuyenda pakati pa miyalayo ndi kuikhudza popanda kulipira. Yambiri inakwiriridwa m'zaka za m'ma 1300, ina inaphwanyidwa ndi moto ndi madzi m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 kuti amangire nyumba, zimene wofufuza zakale, a William Stukeley, anaziona ndi maso awo n'kuzilemba. M'zaka za m'ma 1930 wofufuza zakale wina, a Alexander Keiller, anafukula yambiri n'kuiimikanso, ndipo pamene mwala unasoweratu anaikapo kachipilala ka simenti. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya m'mudzimo imatchedwa ndi dzina lawo.

Kuchokera pa bwalolo, mizere iwiri ya miyala yotchedwa West Kennet Avenue inkayenda makilomita pafupifupi 2.5 kukafika pa malo otchedwa The Sanctuary pa phiri la Overton, ndipo gawo lina la njirayo lidakalipo moti mukhoza kuyendamo.

Chachiwiri ndi Silbury Hill, chitunda chomangidwa ndi manja cha m'ma 2400 Yesu asanabadwe, chotalika mamita oposa 30, chachikulu kuposa zitunda zonse zomangidwa ndi anthu akale ku Ulaya. Anthu anachiboola mu 1776, mu 1849 ndiponso kuyambira mu 1968 pofunafuna manda a mfumu kapena chuma, koma sanapezemo manda. Maenje amenewo ndiwo anachititsa kuti pamwamba pake pagumuke m'chaka cha 2000, ndipo panafunika ntchito yaikulu yochikonza mu 2007 ndi 2008. Kukwera chitundachi n'koletsedwa, ndipo lamuloli ndi loyenera kulimvera ngakhale muone ena akudumpha mpanda.

Chachitatu, kutsidya kwa msewu wa A4, ndi manda a West Kennet Long Barrow, omangidwa cha m'ma 3650 Yesu asanabadwe, aatali mamita pafupifupi 100. Mumakwera kanjira kodutsa m'mphepete mwa minda, mumazungulira kuseri kwa miyala ikuluikulu yotseka khomo, kenako mumalowa m'kanjira ka mdima kokhala ndi tizipinda 5, tiwiri kumanja, tiwiri kumanzere ndi kamodzi kumapeto. M'katimo mumazizira ngakhale kunja kukutentha, ndipo m'tizipindamo munapezeka mafupa a anthu oposa 30, akulu ndi ana. Amenewa ndi manda a anthu, choncho musayatsemo makandulo, pakuti utsi ndi kutentha zimawononga miyala, ndipo musasiyemo kalikonse. Mukakwera pamwamba pa mandawa mumaona Silbury Hill ndi minda yonse yozungulira, imene yakhala ikujambulidwa zithunzi zaka zambiri.

Kodi anthu akalewo ankapanganso zithunzi m'minda?

Palibe umboni uliwonse wosonyeza zimenezo. Pakati pa omanga Avebury ndi a Bower ndi a Chorley pali zaka zoposa 4,000. Ngakhale akavalo oyera ojambulidwa m'mbali mwa mapiri a m'derali si a nthawi ya miyala ija: wa ku Cherhill ndi wa mu 1780, wa ku Alton Barnes ndi wa mu 1812, ndipo wa ku Hackpen ndi wa mu 1838.

Ndi nyengo iti yabwino kupita?

Zithunzi zimatsatira kakulidwe ka mbewu. Zoyamba zimaoneka mu Epulo ndi Meyi m'minda ya mbewu yamafuta ya maluwa achikasu yotchedwa oilseed rape, koma mapesi ake amathyoka msanga ndipo zithunzi zake sizikhala zosalala. Mu Juni zimasamukira m'balere, amene ngala zake zaubweya zimayenda ndi mphepo. Zazikulu ndi zovuta kwambiri zimabwera mu Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti tirigu akacha. Pofika kumapeto kwa Ogasiti makina okololera amakhala atadutsa pafupifupi minda yonse. Choncho nthawi yodalirika ndi kuyambira pakati pa Julayi mpaka sabata yoyamba ya Ogasiti. Dziwaninso kuti masiku ano zithunzi zimaoneka zochepa poyerekeza ndi zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ndipo palibe angakulonjezeni kuti sabata imene mwasankha kudzakhala chatsopano.

Ndingadziwe bwanji kumene kwaoneka chithunzi chatsopano?

Tsamba la pa intaneti la Crop Circle Connector lakhala likulengeza zithunzi zatsopano kwa zaka zambiri, pamodzi ndi zithunzi zojambulidwa m'mwamba, malo ake pa mapu, ndipo kawirikawiri limanenanso ngati mlimi walola alendo kapena ayi. Ku Honeystreet, m'mphepete mwa ngalande ya maboti ya Kennet and Avon, kuli malo achionetsero ofotokoza mbiri ya zithunzizi, ndiponso malo omwera otchedwa Barge Inn, kumene okonda nkhaniyi akhala akusonkhana kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Onani kaye masiku ndi maola amene malowa amatsegula musananyamuke.

Kodi ndi zololedwa kulowa m'munda mmene muli chithunzi?

Ndi zololedwa pokhapokha mwini munda atavomera. Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse pa tsamba lino, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Minda ya ku Wiltshire ili ndi eni ake kapena oibwereka, ndipo mbewu zili m'menemo ndi chakudya komanso ndalama za banja lina. Kuoneka kwa chithunzi sikusandutsa mundawo kukhala wa aliyense, monganso kwathu munthu salowa m'munda wa chimanga wa mnzake popanda odi chifukwa chakuti waonamo chinthu chokongola.

Lamulo la ku England limapatsa anthu ufulu woyenda m'njira zovomerezeka zodutsa m'minda, zimene zimasonyezedwa ndi mivi yachikasu ngati ndi za oyenda pansi okha, ndi mivi yabuluu ngati ndi zololezanso akavalo ndi njinga. Ufuluwo ndi woyenda m'njiramo basi, osati kupatukira m'mbewu. Lamulo la m'chaka cha 2000 limene linatsegulira anthu mapiri ndi madambo ena silikhudza minda yolimidwa. Kulowa popanda chilolezo ndi kulakwira mwini malo, ndipo iye ali ndi ufulu wokuuzani kuti mutuluke. Kuwononga mbewu ndi mlandu wa apolisi pansi pa lamulo la mu 1971 loletsa kuwononga katundu wa ena, ndipo mu Novembala 2000 khoti linalipiritsa munthu wina chindapusa cha mapaundi 100 chifukwa chopanga chithunzi m'munda wa ku Wiltshire.

Alimi amasiyana maganizo. Ena amaika chikwangwani ndi kabokosi koponyamo ndalama pa geti, ndipo mlimi wina wa ku Hackpen Hill anadziwika chifukwa chopereka ndalama za alendo ku thumba lothandiza chipatala cha ku Swindon. Ena amalemba kuti kulowa n'koletsedwa. Enanso amabweretsa makina tsiku lomwelo n'kumweta chithunzicho pakati kuti anthu asabwere, ndipo amene amawadzudzula pa zimenezi sanaganizepo bwino. Mlimi sanapemphe chithunzicho. Mbewu zogonekedwa zimavuta kuti makina azitole, ndipo zimene gulu la ojambula lagoneka usiku umodzi ndi zochepa poyerekeza ndi zimene mapazi a alendo mazanamazana amapondereza m'masabata otsatira. Pamwamba pa izo pali mageti osiyidwa otsegula, magalimoto otseka njira za thirakitala pa nthawi yokolola, zinyalala, ndi mantha a moto. Mbewu zoyoyokera pansi zimameranso, ndipo nthaka yopondedwa imalimba, moti nthawi zina chaka chotsatira mthunzi wa chithunzi chakale umaonekabe m'mbewu zatsopano. Mukapanda kupeza chikwangwani chilichonse, musaganize kuti kukhala chete kwa mlimi ndi chilolezo.

Ngati mlimi walola, ndiyende motani m'mundamo?

Lowerani pa geti limene mwauzidwa, ponyani ndalama imene yalembedwa, ndipo nyamuliranitu ndalama zachitsulo kapena zapepala chifukwa pa geti la munda sipakhala makina a khadi. Yendani m'tinjira ta thirakitala mondondozana, mmodzi kutsogolo wina pambuyo, ndipo mukalakwitsa kanjira bwererani kumapeto kwa munda mukayambirenso m'koyenera m'malo modutsa m'mbewu zoimirira. M'kati mwa chithunzi pondani pogonekedwa pokha. Musathyole ngala kuti mukaonetse kunyumba. Musasute fodya kapena kuyatsa chilichonse, pakuti tirigu wouma wa mu Ogasiti amayaka mofulumira kwambiri ndipo moto wa m'munda umathamanga kuposa munthu. Agalu ndi bwino kuwasiya. Geti mulisiye monga munalipezera, ndipo galimoto muiimike pamalo osatseka khomo la munda kapena msewu wopapatiza.

Ndikalowa m'kati ndidzaona chiyani?

Simudzaona chithunzi chimene munachiona pa intaneti. Chimenecho chinajambulidwa kuchokera m'mwamba, pamene inu mudzakhala mutaima pansi, tirigu akukufikani m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo chimene chidzaoneka ndi mabwalo ndi tinjira tokhotakhota topanda dongosolo lodziwika. N'chifukwa chake ndi bwino kusunga chithunzi cha m'mwamba mufoni kuti muzidziwa mbali imene mwaima.

Zimene pansi pamapereka ndi zina. Mukawerama mudzaona mmene mapesi agonera motsatizana ngati madzi oyenda, mmene mzere wina wadutsira pamwamba pa unzake, zimene zimakuuzani gawo limene linayamba kugonekedwa, ndiponso mmene pakati pa bwalo pamakhalira kamtolo ka mapesi kopotedwa kapena kosiyidwa chiimire. Pansi pa mapesi ogonekedwa nthawi zina mumapeza kanjira kopyapyala koyenda mbali ina, kamene ojambula anayamba kuponda poyeza. M'mphepete mwa bwalo, pamene mbewu zogona zakumana ndi zoimirira, ndi pamene pamaonekera luso la gulu: ena amasiya malire osalala ngati odulidwa ndi mpeni, ena osakhazikika. Zonsezi zimaoneka bwino m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, alendo asanapondeponde ndiponso mbewu zisanayambe kudzuka.

Kuti muone chithunzi chonse ndi maso anu, kwerani malo okwera. Kuchokera pa Adam's Grave, manda akale a pamwamba pa Walkers Hill, mumaona East Field ndi minda ya Alton Barnes pansi panu. Milk Hill, phiri lalitali kuposa onse ku Wiltshire la mamita pafupifupi 295, lili pafupi pomwepo. Hackpen Hill ndi Barbury Castle zili pa njira yakale ya Ridgeway, imene imayambira pa phiri la Overton n'kuyenda makilomita 139. Kuonera pa phiri kuli ndi ubwino winanso wakuti simufunika chilolezo cha mwini munda.

Kodi ndingaulutse drone, kandege kopanda woyendetsa m'kati, kuti ndijambule?

Malamulo a bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority amafuna kuti eni ma drone ambiri okhala ndi kamera alembetse, ndipo saloleza kukwera kupitirira mamita 120. Bungwe la National Trust, limene limasamalira malo ambiri a ku Avebury, sililola kuulutsa drone pa malo ake popanda chilolezo, ndipo kummwera kwa derali kuli chigwa cha Salisbury chimene asilikali amaphunzirirako, kumene kuli ziletso zina. Werengani malamulo atsopano musananyamule chipangizocho, ndipo mupemphe mwini malo amene mukufuna kunyamukirapo.

Ndingafikeko bwanji?

Kuchokera ku London, sitima yapamtunda yonyamukira pa Paddington imatenga pafupifupi ola limodzi kuti ifike ku Swindon, ndipo basi nambala 49 yochokera ku Swindon kupita ku Devizes imaima m'mudzi wa Avebury. Bwalo la miyala, West Kennet Avenue, Silbury Hill ndi manda a West Kennet zonse zimayendeka wapansi tsiku limodzi kuchokera pamenepo. Kumbali ya Alton Barnes ndi Honeystreet siteshoni yapafupi ndi Pewsey, koma mabasi a kumeneko ndi osowa, choncho galimoto kapena njinga zimathandiza. Ku Avebury kuli malo olipira oimikapo magalimoto, ndipo malo ogona ambiri ali ku Marlborough ndi ku Devizes. Mapu a Ordnance Survey a Explorer nambala 157 amasonyeza njira zonse zovomerezeka za derali, ndipo ndi othandiza chifukwa netiweki ya foni imasowa m'zigwa zina. Pewani masiku ozungulira 21 Juni ngati simukonda chipwirikiti, pakuti anthu ambiri amasonkhana ku Avebury kudzaona kutuluka kwa dzuwa pa tsiku lalitali la chaka, ndipo malo oimika magalimoto amadzaza.

Ndivale chiyani, ndipo pali zoopsa zanji?

Valani nsapato zolimba, chifukwa choko chikanyowa chimaterera ndipo tinjira ta thirakitala tili ndi miyala yakuthwa. Tengani madzi akumwa, chipewa ndi jekete la mvula, pakuti m'zitundamo mulibe mthunzi kapena pobisala. Buluku lalitali limateteza ku nkhupakupa za m'maudzu, zimene zina zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo madzulo dziyang'aneni m'miyendo. Samalani kwambiri powoloka msewu wa A4 pakati pa Silbury Hill ndi njira ya ku manda a West Kennet, chifukwa magalimoto amathamanga. Mukamva makina okololera m'munda, tulukani msanga, popeza woyendetsa sangaone munthu wokhala pansi m'mbewu. Pa ngozi iliyonse, kuphatikizapo moto, nambala yoimba ndi 999.

Kodi ndingaphatikize Stonehenge pa tsiku lomwelo?

N'zotheka ngati muli ndi galimoto, popeza ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 40 pamsewu, koma mudzayenda mothamanga kwambiri. Ku Stonehenge kumafunika tikiti ya nthawi yoikika yochokera ku bungwe losamalira malowo la English Heritage, ndipo pa ulendo wamba simuloledwa kufika pakati pa miyala. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, ndi bwino kulithera ku Avebury: m'mawa muyende bwalo la miyala ndi njira yopita ku West Kennet, masana mukwere Walkers Hill kapena Hackpen Hill kuti muone ngati m'minda ya pansi muli chithunzi, ndipo Stonehenge muisungire tsiku lina.